KUSANKHA MFUTI YOLINDIRA MUNDA

Mwezi wa Febuluwale ndi wa Malichi, pamene cimanga cabereka ndipo mtedza wayamba kukhwima pansi, ndiyo nyengo imene alangizi amva madandaulo ambiri a zirombo zoononga mbeu. Mcikumbi wina wokhala kumwera kwa Namitete, kumene minda iyandikira nkhalango ya Dzalanyama, anatitumizira kalata ya nkhani yomweyi. Akuti nguluwe zamfukulira mizere yambiri ya mtedza ndi cinangwa, ndipo anyani saleka kumthyolera cimanga masana. Pa ndalama za fodya anasungako zina, ndipo afuna kupempha cilolezo ca mfuti. Koma anzace amsokoneza mutu. Wina akuti agule ya 303, yonga ya asilikali akale. Wina akuti imeneyo njacikale, agule ya 375 imene igwetsa ngakhale njati. Mwana wace wa ku tauni anamuonetsanso zithunzi za mfuti zokhala ndi galasi pamwamba, zimene akuti zilasa cinthu cokhala pa mtunda wa theka la mailo. Tsono iye afunsa kuti, "Kodi mwa zonsezi yabwino ndi iti?"

Popeza funso limeneli liri m'mitima ya acikumbi enanso a ku Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, taganiza kuliyankha pano poyera. Tinene msanga maganizo athu, kuti amene nchito yamcurukira asacedwe. Munthu asafunse za mfuti asanayambe wafunsa za nyama imene afuna kuombera, ndi za malo amene adzaimapo poombera. Akafunsa bwino mafunso awiriwo adzapeza kuti m'cidikha cino ca Lilongwe mfuti yofika patali ndiyo yosayenera koposa zonse.

Manambala a pa mfuti

Ambiri ayesa kuti nambala ya mfuti ndiyo muyeso wa ukali wace. Si tero ai. Nambala inena kukula kwa boo la mpope, momwe cipolopolo cidzeramo. Mukagawa inchi imodzi m'zigawo 1,000, boo la mfuti ya 303 litenga zigawo 303, la 375 litenga zigawo 375, ndipo la kamfuti ka 22 litenga zigawo 220. Cotero 303 ndi 375 zisiyana boo pang'ono pokha, monga kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Mfuti za ku Germany ziyesedwa m'mamilimita ndipo zikhala ndi manambala awiri. Pa 7x57 nambala yoyamba ndi ya boo, yaciwiri ndi utali wa khoko la mkuwa losungamo wonga.

Ukali wa mfuti ucokera ku zinthu ziwiri, kulemera kwa cipolopolo ndi liwiro limene wonga ucipatsa. Kulemerako kuyesedwa ndi muyeso umene Angerezi auchula grain, ndiko kunena njere, pakuti kalekale unatengedwa pa njere ya barele. Paundi imodzi iri ndi njere 7,000. Cipolopolo ca 22 cilemera njere 40 ndipo cituruka pa liwiro la mapazi pafupifupi 1,200 pa sekondi. Ca 303 ca asilikali cilemera njere 174 ndi liwiro la mapazi 2,440. Ca 375 cilemera njere 300 ndi liwiro la mapazi pafupifupi 2,500. Taonani tsono cinyengo ca manambala: kamfuti ka 22 kophera nkhwali kali ndi boo lofanana ndi la mfuti ya nkhondo ya 5.56, koma cipolopolo ca yankhondoyo cithamanga pafupifupi katatu.

Cifefe ciwerengedwa mwa njira yina. Mukatenga paundi ya mtobvu ndi kuumba mipira 12 yolingana, mpira umodzi ukwana ndendende m'boo la cifefe ca 12. Ndico cifukwa cace cifefe ca 20 ncocepa boo kuposa ca 12. M'kati mwa mpope wa cifefe ndi mosalala, ndipo ciponya tinjere tambiri ta mtobvu timene timwazika poturuka. Mfuti zinazo ziri ndi mizere yopota m'kati, imene izunguza cipolopolo cimodzi ngati nguli kuti cipite molunjika ndi kutali.

Gogodera ndi 303

Mfuti zoyamba zinafika kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, ena ocokera ku Tete ndi ku Zambezi monga Acikunda, ena ocokera ku gombe la kum'mawa. Zinali zothira wonga ca kukamwa ndi kugogoderamo cipolopolo ndi kamtengo, ndipo dzina lace lakuti gogodera linacokera pomwepo. M'caka ca 1890 maboma a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti zatsopano za mizere zisagulitsidwe kwa eni dziko m'cigawo cacikulu ca Africa, koma zothira wonga anazilola. Cotero kwa zaka zambiri Mzungu anasaka ndi mfuti yolunjika pamene mlenje wa m'mudzi anatsala ndi gogodera wace.

Gogodera ndi mfuti yoipa, ndipo sitiiyamikira kwa munthu ali yense. Wolemba uno akali mwana ankaona mkulu wina wa m'mudzi mwao wopanda zala ziwiri za dzanja lamanzere, cifukwa mpope unamphulikira atacurukitsa wonga. Njati ndi njobvu zambiri zinayenda zaka ndi zidutswa za citsulo m'thupi, zirikupsa mtima ndi munthu ali yense wokomana nazo. Koma alenje a gogodera anali ndi nzeru imodzi imene sitifuna kuti itayike. Podziwa kuti mfuti yao siilasa cinthu copitirira mapazi makumi atatu kapena anai oyenda, anaphunzira kuyandikira. Ankagwetsa phulusa kuti aone kumene mphepo irikupita, ankakwawa ndi mimba, ankadikira. Sankaomba asanaone bwino cimene alikuombaco, pakuti cipolopolo cinali cimodzi ndipo kuthiranso wonga kunali kocedwa.

Mfuti ya 303 inalowa m'manja mwa asilikali a Angerezi ca m'ma 1889, ndipo ndiyo imene anthu athu a Keyala ananyamula pa nkhondo ya 1914 ndi ya 1939, kufikira ku Abyssinia ndi ku Burma. Atabwera kwao anaisimba kwambiri, ndipo kufikira lero dzina lace limveka lokoma m'makutu mwa akuluakulu. Inalidi mfuti yolimba, yosunga zipolopolo khumi, yosaopa pfumbi kapena mvula. Pa coyang'anira ca mtundu wina wa mfutiyi panalembedwa manambala kufikira mayadi 2,000. Manambala amenewo asakunyengeni. Anaikidwa kuti gulu la asilikali liombere pamodzi pa gulu lina la adani, osati kuti munthu mmodzi alase nyama imodzi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Boma linakhazikitsa Dipatimenti yoyang'anira nyama za m'chire, nsomba ndi kashembe, ndipo nchito yace yaikulu masiku oyambawo inali kutumiza alenje kukapha ndi kupirikitsa zirombo zoononga mbeu. Koma dziko limene alenje amenewo ankayendamo silirinso lomwe lija. Kuyambira 1920, pamene Barron ndi Wallace anayamba ulimi wa fodya wocita kuochedwa ndi utsi ku Mbabzi, chire lakhala lirikutha. Nchito ya citukuko ca minda ya Lilongwe imene inayamba mu 1968 inalambula miseu ndi kutsegula minda kumadzulo konse kuno. Pa kalembera wa 2018 m'boma la Lilongwe, osawerengera mzinda, munapezeka anthu oposa 1,600,000. Nambala imeneyi muisunge, pakuti tibwereranso kwa iyo.

Nyama iri yonse ndi mfuti yace

Mfuti yoyenera ndi imene ipha nyama msanga ndi cipolopolo cimodzi, osaizunza ndi osaisiya yobvulala. Nyama yobvulala njoopsa, ndipo nguluwe yolasidwa pamimba ing'amba galu kapena mwendo wa munthu ndi mano ace akuthwa ngati mpeni.

Kamfuti ka 22 nkokwanira kalulu ndi mbalame zoyenda pansi, pa mtunda wosapitirira mayadi 50 kapena 60. Nkotsika mtengo, sikakankha phewa, ndipo nkabwino kuphunzirira. Koma kwa nguluwe kapena nyani wamkulu nkocepa. Amene aombera nguluwe ndi 22 angoipatsa bala lokafa nalo kutali patapita masiku.

Cifefe ca 12 ndico mfuti imene igwira nchito zambiri pa munda. Ndi tinjere tating'ono ta nambala 4 kapena 6 cipha mbalame. Ndi zipolopolo zochedwa SG, zimene zikhala ndi mipira isanu ndi itatu kapena isanu ndi inai, cigwetsa nguluwe pa mayadi 25 kapena 30. Kupitirira pamenepo mipira imwazika ndi kutha mphamvu, ndipo mudzangobvulaza. Ena ayesa kufupika kumeneku ndi cirema ca cifefe. Ife tiyesa kuti ndiwo ubwino wace waukulu m'dziko lodzaza anthu.

Pakati pali mfuti za mizere za msinkhu umodzi: 303, 7x57 ya Mauser ya 1892, 30-06 ya ku America ya 1906, ndi 308 ya 1952. Anthu okonda mfuti akangana usiku wonse za kusiyana kwace, koma nguluwe yolasidwa pa phewa pa mayadi 80 siidziwa kuti yalasidwa ndi iti. Cimene cisiyanitsa koposa ndi mtundu wa cipolopolo. Ca asilikali ncokutidwa ndi citsulo colimba kufikira kunsonga. Cipyoza nyama ndi kuturuka ciri camphumphu, nicipitirira ulendo wace. Ca alenje ciri ndi nsonga ya mtobvu woonekera, imene iphwanyuka m'thupi ndi kuthera mphamvu yace momwemo. Kusaka ndi zipolopolo za asilikali ndi kulakwira nyama ndi kulakwiranso anthu a kutsidya kwa dambo.

Pamwamba pali mfuti zazikulu. Ya 9.3x62 inapangidwa ku Berlin mu 1905 cifukwa ca alimi a Cijeremani okhala kuno ku Africa, kuti akhale ndi mfuti imodzi yokwanira ndiwo ndi zirombo zomwe. Ya 375 inaturuka ku London mu 1912. Ya 404, yoponya cipolopolo ca njere 400, inapatsidwa kwa alonda a nyama m'maiko angapo a kuno. Izi ndi za njati, mvuu ndi njobvu. Ya 375 ikankha phewa kawiri ndi kuposa poyerekeza ndi 303, ndipo munthu wosazolowera akaombera kawiri katatu ayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanakoke. Walira mvula walira matope. Mfuti imene mwini wace aiopa iphonya, cinkana ikhale yaikulu cotani.

Pali mkangano wakale pakati pa alenje umene uyenera kuchulidwa, pakuti wina adzakuuzani kuti njobvu inaphedwapo ndi mfuti yaing'ono. Ncoonadi. W.D.M. Bell, amene ankasaka ku Karamoja m'dziko la Uganda, anapha njobvu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi 7x57. Denis Lyell, amene anasaka m'dziko lino nalemba buku la Nyasaland for the Hunter and Settler mu 1912, nayenso ankakonda mfuti za boo laling'ono. Koma Bell anaceka mitu ya njobvu ndi sowo kuti adziwe pokhala ubongo, ankayandikira kwambiri, ndipo kuombera kunali nchito yace ya masiku onse. Cimene anthu amenewa atiphunzitsa ncakuti polasa ndipo pofunika koposa kukula kwa cipolopolo. Satiphunzitsa kuti mcikumbi woombera kanai pa caka angathe kucita zomwezo. Maiko monga Tanzania ndi Zambia anaika lamulo lakuti nyama zazikulu zoopsa zisasakidwe ndi mfuti yocepera 375.

Za kuombera patali

Apa ndipo pagona nkhani yathu, ndipo tipempha owerenga adekhe.

Cipolopolo siciyenda molunjika monga ambiri aganizira. Cikangoturuka m'mpope ciyamba kugwa, monga mwala uli wonse woponyedwa, ndipo mpweya ucicepetsa liwiro. Titenge 303 yokonzedwa kuti ilase pakati pa mayadi 100, ndiwo mtunda wocepera pang'ono utali wa bwalo la mpira. Pa mayadi 200 cipolopolo cigwa pansi ndi mainchesi asanu kapena asanu ndi limodzi. Pa mayadi 300 cigwa phazi limodzi ndi theka. Pa mayadi 400 cigwa kupitirira yadi yathunthu. Muone kuti kugwaku sikuonjezeka molingana: mayadi 100 otsirizawo agwetsa cipolopolo koposa onse oyamba aja pamodzi. Tsono munthu woyesa mtunda ndi maso, akati ndi mayadi 300 pamene ali 350, walasa mwendo kapena waphonya konse. Ndipo m'dambo lathyathyathya, dzuwa lirikunyezimira pa udzu, ndani angasiyanitse 300 ndi 350?

Mphepo nayo iri ndi gawo lace. Kamphepo kongogwedeza masamba a cimanga, kakamaomba ca m'mbali, kapatutsa cipolopolo ca 303 pafupifupi cikhato cotambasula pa mayadi 300. Cipolopolo citenga pafupifupi theka la sekondi kuti cifike, ndipo m'kanthawi kameneko nyama ikhoza kusuntha phazi. Malo a mtima ndi mapapo a nguluwe ngolingana ndi mbale ya nsima. Yesani motere: khomani pepala lolingana ndi mbaleyo pa malo ololedwa kuomberapo, muombere kasanu mutaima monga mudzaimira kumunda. Mtunda umene zonse zisanu zilowa m'mbale ndiwo mtunda wanu. Kwa anthu ambiri ukhala pakati pa mayadi 60 ndi 100, ndipo palibe ca manyazi pamenepo.

Mfuti za m'zithunzi zija ziripo ndithu. Ya 6.5 Creedmoor, imene inaturuka ku America mu 2007, inapangidwira mipikisano yolasa cizindikiro pa mayadi 1,000. Oombera ace ali ndi galasi lokulitsa, makina oyesa mtunda, makina oyesa mphepo, ndipo aombera atagona pansi, mfuti itatsamira pa miyendo yace. Amatha zipolopolo mazana pa caka pophunzira. Koposa zonse aombera pa mabwalo okonzedwera nchitoyo, monga la ku Bisley ku England, kumene kuseri kwa cizindikiro kuli mtumbira waukulu wa dothi, ndi kuseri kwa mtumbirawo dziko lalikulu lochingidwa losaloledwa munthu kulowamo, ndi mbendera zofiira zocenjeza. Ndiwo masewera a anthu a ndalama, ndipo sitiwanyoza. Koma galasi likulitsa nyama yokha. Silicepetsa mphepo, ndipo silikuonetsani cimene ciri kuseri kwa cimanga.

Tsono kaimeni pa mseu wa ku Mchinji pafupi ndi Chitedze, pamene pali malo ofufuzira za ulimi amene anatsegulidwa mu 1948, muyang'ane mbali zonse zinai. Dziko nlosalala ngati lipande lofulatira. Paliponse pamene muona mitengo yambiri, mudziwe kuti ndi mudzi kapena manda. Pakati pace pali madimba, zigafa za fodya, zitsime, njira za ana a sukulu, abusa ndi ng'ombe zao m'dambo. Cipolopolo ca 303 cophonya, mpope utaloza m'mwamba pang'ono, cikhoza kuuluka pafupifupi mamailosi awiri, ndipo cikamatera cikali ndi mphamvu yakupha. Ngakhale kamfuti ka 22 kaja kaponya kupitirira mailo imodzi, ndipo opanga zipolopolo zace alemba cenjezo limeneli pa kabokosi. Werengani midzi imene iri m'kati mwa mamailosi awiri kucokera pa munda wanu. Kumbukirani nambala ija ya kalembera. Cipolopolo cikagunda mwala, dothi louma la m'cirimwe kapena pamwamba pa madzi, cinjanja ndi kutenga njira yina imene woombera sanaiganize. Mipira ya cifefe igwa pansi itayenda mayadi mazana angapo okha. Njoopsa ndithu, koma mtunda umenewo maso a munthu akhoza kuuona ndi kuuyang'anira.

Anyani ndiwo ayesa mtima wa mlimi pa nkhani imeneyi. Aphunzira msanga pamene mfuti ilekezera, nakhala kunja kwa malirewo pa mwala kapena pa mtengo, alikukuyang'anani monga akuseka. Pamenepo mtima ukuuzani kuti mukadakhala ndi yofika patali. Koma nyani wa pa mtengo ali ndi thambo lokha kumbuyo kwace, ndipo kuombera mfuti ya mizere kuloza kumwamba ndiko kutumiza cipolopolo ku mudzi wa eni. Ndiponso mukapha mmodzi gulu silitha. Lingosintha nthawi ndi mbali yolowera. Anyani agonja ndi kulindira kosalekeza, anthu a minda yoyandikana atapangana masiku, ndi agalu, ndi kulambula chire la m'mbali mwa munda kuti asowe pobisala.

Njobvu, mvuu ndi lamulo

Za nyama zazikulu tinene mwacidule, pakuti si nchito ya mcikumbi. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ndipo pambuyo pace anthu a m'malire mwa nkhalangoyo, a mbali ya kuno ndi a ku Zambia, anadandaula za minda yoonongeka ndi za imfa za anthu. Mvuu nazo zimaturuka usiku kudya m'madimba m'madera ena a mtsinje wa Bua. Nyama zotere zikaoneka, uzani amfumu ndi apolisi, ndipo iwo aitane alonda a Dipatimenti ya nkhalango za nyama, amene ali ndi mfuti zoyenera ndi maphunziro ace. Kuombera njobvu ndi cifefe kapena 303 kuti ithawe ndiko kuisandutsa cirombo cimene cidzapha mai wopita kumunda mawa lace.

Malamulo ali awiri. Lamulo la mfuti la 1967 lifuna kuti mwini mfuti ali yense akhale ndi cilolezo cocokera ku Polisi ndi kucikonzetsanso nyengo yace ikakwana. Cilolezo cimeneco ndi ca kusunga mfuti, si ca kusaka ai. Kusaka kuli pansi pa lamulo la nkhalango ndi nyama za m'chire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017 kotero kuti milandu yokhudza nyama zotetezedwa koposa, monga njobvu, ikhoza kumangitsa munthu kufikira zaka 30. Nyama yotetezedwa ikaphedwa podzichinjiriza, wakuphayo ayenera kukanena msanga, ndipo nyamayo ndi ya Boma. Mfuti za nkhondo zimene zinalowa m'dziko muno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ndi mfuti zosula m'midzi, palibe cilolezo cace. Wokugulitsani yotere motsika mtengo wakugulitsani ndende.

Zimene tamuyankha mcikumbi uja

Tamuuza kuti asanapite ku sitolo apite kwa mlangizi wace ndi kwa woyang'anira nyama za m'chire wa m'boma lace. Nguluwe iyenda usiku, ndipo kusaka usiku ndi nyali nkoletsedwa. Cotero cimene mlimi aloledwa kucita polindira mbeu zace acimve kwa eni lamulo, osati kwa anzace a pa bawo. Nthawi zina iwo atumiza mlonda wao, ndipo mlimi saononga ndalama.

Akaloledwa kukhala ndi mfuti, tamlangiza cifefe ca 12 ca mpope umodzi. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi 375, ciri ndi zitsulo zocepa zoti zingaonongeke, ndipo zipolopolo zace sizisowa monga zisowera za mfuti zacilendo. Mfuti ya nambala yosowa zipolopolo isanduka cibonga. Ayang'ane nambala yolembedwa pa mpope ndi pa cipolopolo nthawi iri yonse. Cipolopolo ca 20 cikalowa m'cifefe ca 12 citsetsereka ndi kukakamira m'kati, ndipo munthu akaikanso ca 12 pambuyo pace mpope uphulika. Dothi kapena cisa ca mabvu kukamwa kwa mpope cicitanso cimodzimodzi, motero asuzumiremo asanaikemo cipolopolo. Atatha kuombera apukute ndi kupaka mafuta, makamaka m'dzinja. Mfuti ikhale m'bokosi lokhoma, zipolopolo pena, makiyi m'thumba mwa mwini wace, osati pa tsindwi pamene ana afikapo.

Amange nsanja yaitali pafupi ndi polowera nguluwe, cifukwa woombera ali pamwamba aloza pansi, ndipo cophonya cilowa m'dothi la munda wace womwe. Ayese mapazi 30 oyenda kucokera pa nsanjayo, akhome cikhomo comangapo nsanza yoyera, ndipo kuseri kwa cikhomoco asaombere. Adziwitse amfumu ndi eni minda yoyandikana usiku umene alikulindira. Asaombere mtswatswa, mthunzi kapena maso onyezimira. Cogwedeza cimanga usiku cikhoza kukhala mwana wa ng'ombe wosokera, mnansi wobwera ku mowa, kapena munthu wanjala wothyola mondokwa, ndipo palibe mmodzi wa amenewa woyenera kufera cimanga.

Ndalama zotsala, zimene zikadathera pa 375 ndi galasi lace, tamuuza agulire makasu ndi kulipira aganyu okumba ngalande yakuya m'mbali mwa munda moyang'ana ku nkhalango, ndi kudzala mpanda wa khonje pamwamba pace. Mtedza wa kumunsi kwa munda wace uli kutali ndi pamene nsanja idzaime, ndipo caka camawa aubzale kufupi ndi nyumba, kumene agalu amva.